Galimoto yasiya bini yathu yosakhuthula: kodi zinyalala za m'mafulati tizisankha bwanji?

Nabanda

Moni kwa nonse. Ndatha miyezi inayi tsopano ndikukhala m'fulati ya pansanjika yachitatu, m'nyumba momwe tilimo mabanja 24, ndipo aka n'koyamba kukhala pamalo pomwe zinyalala za anthu onse zimakathera m'mabini amodzimodzi. Pansi, kuseri kwa malo oimikapo magalimoto, kuli kachipinda komwe kuli mabini atatu akuluakulu: ya zinthu zokakonzedwanso, ya zowola, ndi ya zinyalala wamba. Sabata yatha galimoto yotenga zokakonzedwanso itafika, anyamata ake anangotsegula chivundikiro, kusuzumiramo, kumata kapepala kofiira pabiniyo, n'kumapita osatenga kanthu. Madzulo ake aliyense anapeza kalata pansi pa chitseko yonena kuti m'binimo munali zosayenera, ndipo kuti zikadzachitikanso, ndalama yoitanira galimoto ina tidzagawana tonse okhala m'nyumbayi.

Ndivomere kuti mwina inenso ndili m'gulu la olakwawo, chifukwa chibwerereni ndakhala ndikuika mabotolo ndi zitini mu jumbo, kuimanga bwinobwino, n'kuiponya m'bini ya zokakonzedwanso, ndikuganiza kuti umenewo ndiye ukhondo. Ndimaponyamonso pulasitiki aliyense yemwe ali ndi kachizindikiro ka mivi itatu kaja. Pa zowola ndiye ndagwa ulesi, popeza khitchini yanga ndi yaing'ono ndipo kachidebe ka makoko kamayamba kununkha pakangopita masiku awiri. Chachitatu, ndili ndi dirowa yomwe ndimaopa kuitsegula: muli mabatire akutha, foni yakale yomwe chivundikiro chake chakumbuyo chatukuka, mababu awiri opiringizika aja, ndi mankhwala omwe masiku ake anatha. Pakhonde palinso chitini cha penti chomwe anasiya amene ankakhalamo ine ndisanabwere.

Amene mukuzidziwa bwino izi mundithandize. Kodi chofunika kupita kuti ndi chiti, ndipo kodi n'zoona kuti eni nyumba angalipiritse tonse chifukwa cha kulakwa kwa anthu ochepa?

Chisale

Mayi Nabanda, jumbo yomangayo ndiye vuto loyamba, ndipo ndikunena izi monga munthu amene anagwirapo ntchito zaka zingapo pamalo osankhira zinyalala. Galimoto ikakhuthula katundu, zonse zimakwera pa lamba woyenda, ndipo anthu amaima uku ndi uku kuchotsa zosayenera lambayo ali pa liwiro. Palibe amene ali ndi mpata womasula mfundo, komanso palibe amene angapise dzanja mu jumbo yomwe sakuona za m'kati mwake, chifukwa mungathe kukhala singano kapena galasi losweka. Motero jumbo yomanga imangokankhidwira ku mulu wopita kumtaya, pamodzi ndi mabotolo anu otsukidwa bwino aja. Majumbo amene aphonyeka m'manja mwa anthu amakakulungika pa timawilo tozungulira timene timalekanitsa makatoni ndi mabotolo, mpaka mipata yonse kutsekeka. Zikatero tinkazimitsa makina, kukhoma switchi ndi loko kuti wina asayatse mwangozi, kenako mmodzi wa ife n'kukwera pamwamba ndi mpeni kukadula pulasitiki wokulungikayo, ntchito yomwe tinkaigwira tsiku ndi tsiku. Zingwe, nsanza ndi mapaipi ofewa othirira maluwa zimachitanso chimodzimodzi. Khuthulani zinthuzo m'bini zili zomwazika, jumbo mubwerere nayo. Mizinda yochepa imafuna kuti zikhale m'matumba oonekera m'kati, koma kumeneko amachita kunena momveka bwino.

Mukadziwa mmene makinawo amagwirira ntchito, malamulo ambiri amene amaoneka ngati ongovutitsa amayamba kumveka. Zitini zachitsulo zimakokedwa ndi maginito. Za aluminiyamu sizikokedwa ndi maginito wamba, choncho zimadutsa pa makina ena amene amazidumphitsa kuchoka pa lamba n'kukagwera kwa zokha, ndipo zimenezi ndiye chuma chenicheni cha bini yonse, chifukwa kusungunula chitini chakale kumapulumutsa pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse a mphamvu zimene zikanafunika popanga aluminiyamu watsopano kuchokera ku miyala ya m'nthaka. Mapulasitiki amazindikiridwa ndi makina owalitsa kuwala komwe maso athu saona, ndipo makinawo akadziwa mtundu wake amauzira mphepo yamphamvu yokankhira botololo kumalo ake. Pulasitiki wakuda amameza kuwalako, n'chifukwa chake malo ambiri samulandira. Tinthu ting'onoting'ono, monga zitsekero zomwe zili pa zokha ndi timapaipi tomwera zakumwa, timagwera m'mipata tisanafike n'komwe pamakinawo.

Pa kachizindikiro ka mivi itatu, mwapusitsidwa monga anapusitsidwira anthu ambiri. Nambala yomwe ili m'kati mwake, kuyambira 1 mpaka 7, inayambitsidwa mu 1988 ndi bungwe la opanga mapulasitiki ku America lotchedwa Society of the Plastics Industry, ndipo imangonena mtundu wa pulasitikiyo, osati kuti kwanuko alipo amene angamugule. Nambala 1 ndi PET, wa mabotolo a madzi ndi zakumwa, ndipo 2 ndi HDPE, wa zigubu zolimba za mkaka kapena za sopo wamadzi. Awiriwa ali ndi msika pafupifupi kulikonse komwe kuli ntchitoyi. Nambala 5, yemwe ndi PP, wa tizidebe ta majarini kapena yogati, amalandiridwa m'malo ena koma osati onse. Nambala 3, 6 ndi 7 kawirikawiri sapita patali, pomwe 4 nthawi zambiri ndi majumbo omwe ndanena aja, amene amasonkhanitsidwa mwapadera ngati alipo owatenga.

Mapepala ndi makatoni mdani wake ndi madzi ndi mafuta. Chitini chimodzi chomwe mwatsala msuzi chikagubuduka m'bini chimanyowetsa mapepala a mabanja ambiri, ndipo mafuta sachoka pamene mapepalawo akupondedwa m'madzi ku fakitale. Sikofunika kutsuka ndi sopo ngati mbale, kungotsukuluza ndi madzi otsala potsuka ziwiya n'kusiya kuti chidonthe n'kokwanira. Katoni muziiphwatalala, chifukwa m'nyumba ya mabanja 24 makatoni atatu osaphwatalala amadzaza bini, ndipo obwera pambuyo amangoponya zawo paliponse pomwe pali mpata. Pa magalasi, olandiridwa ndi mabotolo ndi mitsuko ya zakudya basi. Makapu omwera, kalilole, galasi la pawindo, mbale zadothi ndi mbale zagalasi zolowa mu uvuni sizisungunuka mofanana ndi botolo, moti kachidutswa kamodzi kangathe kuchititsa kuti botolo latsopano likhale ndi chilema. Matewera a ana ndiwo tinkadana nawo kwambiri, ndipo sindinamvetsepo chimene munthu amaganiza powaponya m'bini imeneyi.

Musawaone ngati ankhanza anyamata amene anamata kapepala kofiira aja. Kwa zaka zambiri dziko la China linkagula zinyalala zosankhidwa mwachisawawa kuchokera kumaiko ambiri, koma mu 2018 linaletsa mitundu yambiri, ndipo pa zotsalazo linalamula kuti zosayenera zisapitirire theka la kilogalamu pa makilogalamu 100 alionse. Kuyambira pamenepo ogula kulikonse anayamba kukana mabelo akuda, malo osankhira anayamba kulipiritsa magalimoto obweretsa zosakanizika, ndipo kukhwimako kunatsika mpaka kufika pabini yanu. Popeza makina ndi ogula zimasiyana mzinda ndi mzinda, mndandanda umene muyenera kuutsatira ndi wa khonsolo yanu kapena wa kampani imene imatenga zinyalala panyumba panupo, osati zolembedwa pa paketi. Mukakayika ndi chinthu, chiponyeni m'bini ya zinyalala wamba. Kutaya botolo limodzi labwino n'kochepa poyerekeza ndi kukanitsa bini yathunthu.

Nangondo

Ine ndilankhulepo za zowola zokha, popeza zina a Chisale azifotokoza mokwanira. Anthu ambiri amaganiza kuti makoko a zipatso akapita kumtaya amakawola n'kusanduka dothi monga achitira m'munda, koma sizitero. Kumtaya zinyalala zimapsinjidwa ndi kukwiriridwa pomwe mpweya sufika, ndipo zikamawola motero zimatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 100 umasunga kutentha m'mlengalenga kuwirikiza pafupifupi 28 poyerekeza ndi carbon dioxide. N'chifukwa chake maboma ambiri asiya kungopempha, ayamba kulamula. Maiko a m'bungwe la European Union anapatsidwa mpaka pa 31 Disembala 2023 kuti zowola zizipatulidwa. Ku California lamulo lotchedwa SB 1383 linakhazikitsidwa mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, ndipo limakhudzanso nyumba za mafulati. Ku South Korea analetsa kukwirira zotsala za chakudya kumtaya mu 2005, ndipo m'mafulati ambiri a ku Seoul muli mabini amene munthu amatsegula ndi khadi, biniyo n'kuyeza kulemera kwa zimene wathiramo, iye n'kulipira molingana ndi kulemerako. Kumeneko munthu amayamba wafinya madzi asanatsike nazo, ndipo nzeru imeneyi ndi yothandiza ngakhale kumene kulibe sikelo.

Madziwo ndiwo gwero la fungo limene likukuvutanilo, mayi. Chidebe chotsekedwa kwambiri chimasunga chinyezi, zinthu n'kumawolera m'madzi ake omwe, pomwe chidebe chaching'ono chokhala ndi timabowo pachivundikiro chimalola kuti ziume pang'ono. Ine ndimayala nyuzipepala kapena zidutswa za katoni pansi pake, ndimasefa kaye chilichonse chamadzimadzi, ndipo zonunkha msanga monga mafupa ndi zotsala za nyama ndimazikulunga m'pepala n'kuziika m'kontena yakeyake mu filiza mpaka tsiku lotsika nazo. Poyamba a kunyumba kwanga ankanyansidwa kuona zinyalala mu filiji, koma ndi makoko a chakudya chomwechi tadya, ndipo chiyambireni kutero sitinaonenso mphutsi. Nyengo yotentha mazira a ntchentche amaswa pasanathe tsiku limodzi, choncho chidebe chaching'ono chimene chimakukakamizani kukhuthula pafupipafupi chimaposa chachikulu.

Musanayambe kuthiramo nyama ndi mafupa, funsani kaye kumene zowola zanuzo zimapita. Malo ena amaziunjika m'milu ikuluikulu yomwe imatentha kupitirira madigiri 55, kutentha komwe kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi njere za udzu, ndipo ena amaziika m'matanki otsekedwa kuti apange gasi wophikira kapena wopangira magetsi. Malo otere ambiri amalandira chakudya chilichonse. Koma ngati zimapita kumalo ang'onoang'ono opangira kompositi, kawirikawiri amangofuna masamba, makoko ndi zina zochokera ku zomera, chifukwa nyama imaitana makoswe. Zomata zing'onozing'ono za pazipatso muzichotsa, popeza ndi pulasitiki ndipo zimakapezeka m'manyowa zili zonse. Timatumba ta tiyi tambiri timamatidwanso ndi pulasitiki, choncho ndimating'amba, masamba n'kuthira m'zowola, kathumba n'kutaya kwina.

Chenjerani ndi majumbo olembedwa kuti “biodegradable”, chifukwa liwu limeneli silinena kuti jumboyo idzawola liti kapena pamalo otani. Ngakhale olembedwa kuti “compostable” ambiri anayesedwa pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 58 kwa masabata angapo, ndipo malo ena opangira manyowa amamaliza ntchito yawo nthawi imeneyo isanakwane, kuwonjezera apo ogwira ntchito sangathe kusiyanitsa ndi maso jumbo yotere ndi jumbo wamba. Ngati otenga zinyalala sananene kuti amawalandira, gwiritsani ntchito pepala.

Ena adzakulimbikitsani kuweta nyongolotsi zofiira, zotchedwa Eisenia fetida, m'bokosi pakhonde. Zimathekadi, koma ine ndinalephera ulendo woyamba chifukwa ndinkazipatsa chakudya chochuluka kuposa chimene zikanatha, bokosi linadzaza madzi, ndipo m'mawa wina ndinapeza nyongolotsi zitakwera m'mbali mwa bokosi, zina zitaumira pasimenti. Popeza inu muli kale ndi bini ya zowola pansi, sindikuona chifukwa chodzipatsira ntchito imeneyi. Chimodzi chimene ndikupemphani n'chakuti mafuta ophikira otha ntchito musamathire mu sinki, pakuti m'nyumba yosanjikizana paipi ndi imodzi, ndipo ikatsekeka madzi oipa amabwerera kwa amene ali pansi. Ku Whitechapel, mumzinda wa London, mu 2017 anapeza m'ngalande ya suweji chibuma cha mafuta ouma osakanikirana ndi timapepala topukutira, cholemera matani 130 ndiponso chotalika mamita 250. Mafutawo aziziritseni, athireni m'botolo lotsekeka, ndipo mufunse ngati kwanuko amawasonkhanitsa.

Mbewe

Ndine wosamalira nyumba ya mafulati, ndipo ndikufuna kuwongolera pang'ono mawu omaliza a achimwene a Chisale. Langizo loti mukakayika muponye m'bini wamba ndi loona pa pulasitiki ndi mapepala, koma pa zimene zili mu dirowa ya mayi Nabanda silikugwira ntchito ngakhale pang'ono. Zimenezo sizilowa m'bini iliyonse mwa zitatu zija.

Chaka china usiku tinadzidzimuka ndi alamu, ndipo titatsika tinapeza utsi ukutuluka m'kachipinda ka mabini. Munthu wina anali ataponyamo kabatire kotchajira foni, wina n'kuponya pamwamba pake miyendo yachitsulo ya mpando wothyoka, ndipo kabatireko kanabooka. Chivundikiro cha bini chinasungunuka n'kulendewera ngati phula, khoma linada mpaka kudenga, ndipo fungo lake linakhala m'masitepe masabata awiri. Batire la lithium likaphwanyika kapena kubooka, mbali zake ziwiri za m'kati zimakhudzana, limadzitenthetsa lokha mofulumira kwambiri, ndipo moto wake ungathe kuyambiranso anthu ataganiza kuti wazima. Galimoto yotenga zinyalala imapsinja katundu wake ndi mphamvu, choncho batire limene lapulumuka m'bini limakaphulikira m'galimoto kapena pa lamba uja a Chisale anena. Mabatire otere ali m'mafoni, m'malaputopu, m'timahedifoni topanda waya, m'ndudu zamagetsi, m'miswachi yamagetsi, ngakhale m'zidole zina.

Foni yotukukayo ndiyo ya changu pa zonse. Kutukukako ndi mpweya umene wadzaza m'batire lowonongeka, choncho musaitchaje, musaipanikize kuti chivundikiro chibwerere, ndipo musayese kuchotsa batirelo ndi chinthu chosongoka. Ichotseni mu dirowa lero, muiike m'chitini chachitsulo chomwe mwathiramo mchenga, pamalo ozizira, kutali ndi mapepala ndi makatani, komanso osati pafupi ndi khomo lotulukira. Mukapita nayo kumalo olandirira zipangizo zamagetsi zakutha, muipereke m'manja ndi kuwauza kuti ndi yotukuka, osangoiponya m'bokosi la mabatire. Mabatire enawo muwamate selotepi kunsonga zake kuti asakhudzane, makamaka amakona anayi aja a mavoti 9, amene nsonga zake zonse ziwiri zili mbali imodzi. Timabatire tozungulira tonga mabatani mutimate mbali zonse ndipo mutisunge pomwe mwana sangafike, chifukwa mwana akameza kamodzi kangathe kumuwotcha kum'mero m'maola awiri okha. Ku Germany lamulo limakakamiza sitolo iliyonse yogulitsa mabatire kulandira akutha kwaulere, ndipo m'maiko ena ambiri masitolo akuluakulu amachita zofanana, choncho yambani mwafunsa kumene mumagulako.

Mababu opiringizikawo ali ndi mercury pang'ono, mamiligalamu ochepa m'babu lililonse, chimodzimodzinso machubu aataliatali aja. Mercury amawononga ubongo ndi mitsempha, monga zinaonekera ku Minamata, m'dziko la Japan, komwe matenda ake anadziwika mu 1956, ndipo pangano la maiko lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury lomwe linasainidwa mu 2013 linatchedwa dzina la mzinda umenewu. Akulungeni m'pepala kapena abwezereni m'katoni kuti asasweke, ndipo apite limodzi ndi zoopsa zinazo. Mababu a LED alibe mercury, koma ali ndi tizipangizo tamagetsi, choncho amapita kwa zamagetsi.

Pa penti, werengani pachitini pomwe akunena chotsukira burashi. Ngati ndi madzi, m'malo ambiri amalola kuti wotsala pang'ono mumuumitse pomusakaniza ndi utuchi kapena mchenga, ndipo akalimba apite m'bini wamba chitini chili chotsegula kuti otenga aone. Ngati ndi thina, ameneyo ndi woyaka, ndipo ayenera kupita kumalo olandirira zoopsa ali m'chitini chake chomwecho. Lamulo la kusunga chinthu m'chotengera chake limagwira pa mankhwala onse a m'nyumba, ophera tizilombo, otsegulira mapaipi ndi otsukira, ndipo musathire otsala a mabotolo angapo m'botolo limodzi pofuna kuchepetsa katundu. Bulichi akakumana ndi ammonia amatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo akakumana ndi asidi, monga amene ali m'mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa chlorine, womwenso ndi wapoizoni. Mankhwala akuchipatala muwabwezere ku famase yomwe imalandira, mutafufuta dzina lanu pa paketi, osawathira m'chimbudzi, popeza malo oyeretsera madzi a suweji sanapangidwe kuti azichotsa mankhwala otere. Amene amadzibaya jekeseni aziika singano m'chotengera chake kapena m'chigubu cholimba chotsekeka, ndipo chigubucho chisalowe m'bini ya zokakonzedwanso ngakhale chili cha nambala 2.

Za kulipiritsa onse, yankho lili m'pangano lanu la lendi ndi m'malamulo a mzinda wanu. Kawirikawiri khonsolo kapena kampani imalipiritsa mwini nyumba, chifukwa ndiye anasainirana nayo, ndipo iye angathe kukankhira ndalamayo kwa okhalamo ngati pangano ndi lamulo zikumulola. Koma nayenso ali ndi udindo wake. Ku California, mwachitsanzo, mwini nyumba ayenera kupereka mabini okwanira, kuphunzitsa okhalamo chaka chilichonse, ndi kupereka malangizo kwa wobwera kumene pasanathe masiku 14. Inu mwatha miyezi inayi popanda wokuuzani za jumbo, ndipo kwa ine pamenepo olakwa si inu nokha. Pemphani molemba kalata kuti akupatseni mndandanda wa otenga zinyalala ndi chithunzi cha zimene zinapezeka m'bini. Kwathu chimene chinathandiza sichinali kuopseza anthu, koma kuboola chivundikiro cha bini ya zokakonzedwanso kabowo kongokwana botolo ndi kampata kolowetsera katoni yophwatalala, n'kukhoma chivundikirocho, kenako kupachika pambali pake thumba loikamo majumbo okhuthulidwa.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawerenga pangano langa ndipo mulibe mawu alionse okhudza chindapusa cha zinyalala, choncho ndalemba kalata monga mwanenera, bambo Mbewe, ndipo mabanja ena asanu asainira nawo. Foni ija ili m'chitini cha mchenga pakhonde, mbali yomwe dzuwa silifika, ndipo penti ndapeza kuti ndi uja burashi yake imatsukidwa ndi madzi. Tsoka ilo, pamene ndimakoka dirowa ija babu limodzi linagwa n'kusweka pansi m'chipinda chogona. Ndatseka chitseko ndipo sindinasese, chifukwa ndinakumbukira za mercury. Kodi ndichite chiyani, ndipo ana angagonemo usiku uno?

Mbewe

Mwachita bwino kusasesa, mayi. Tsegulani mawindo a chipindacho, zimitsani fani kapena makina oziziritsira mpweya ngati alipo, tulukani n'kutseka chitseko kwa mphindi 10 kapena kupitirirapo, ana asalowemo. Mukabwerera musagwiritse ntchito tsache kapena makina oyamwa fumbi, chifukwa zonsezi zimamwaza ufa wa m'babumo ndi mpweya wa mercury m'chipinda monse. Valani magolovesi ngati muli nawo, tolani zidutswa zikuluzikulu ndi makatoni awiri olimba, limodzi lokankhira pa linzake, kenako mudinde pansipo ndi selotepi kumbali yomata kuti atole timagalasi ting'onoting'ono ndi ufa woyera uja, ndipo mumalize popukuta ndi pepala lonyowa. Ngati linagwera pa kapeti, bwerezani kudinda ndi selotepi kangapo, ndipo muyang'anenso pansi pa bedi ndi m'nsapato zomwe zinali pafupi.

Zonsezi, zidutswa, makatoni, selotepi, pepala ndi magolovesi, ziikeni mu mtsuko wagalasi wa chitsekero chachitsulo, chifukwa jumbo siitsekera mpweya wa mercury, ndipo mtsukowo muuike panja pakhonde pomwe ana sangaufike mpaka tsiku lopita nawo kumalo olandirira zoopsa pamodzi ndi babu linalo. Sambani m'manja ndi sopo. Mercury wa m'babu limodzi ndi wochepa kwambiri, choncho mukasiya mawindo otsegula kwa maola angapo mutamaliza kutola, ana angathe kugonamo usiku womwewu. Pa mtsukowo mulembepo kuti muli babu losweka, kuti amene akaulandire asautsegule.